Loweruka la pa 8 Okutobala 2011 ndi Funso la Kuchotsa Mphunzitsi

Kuno ku Dukathole, ku Germiston, timu ya dziko ikagonja mlandu wake sugona. Amalawi, anzathu a ku Chipata ndi Katete, ndi ena ochokera ku Angónia timaonera mpira pamalo amodzi, ndipo woyimbira asanaimbe n'komwe wezulo wotsiriza, chigamulo chimakhala chaperekedwa kale: mphunzitsi achoke. Eni nthaka nawonso sasiyana nafe Bafana Bafana ikapunthwa. Ena amati kochi, ena mphunzitsi. Ena amati amuchotse, ena amuthamangitse. Koma mtima ndi umodzi. Munthu amene wayesa kunena kuti mwina apatsidwe nthawi amaoneka ngati adadya naye.

Mbiri ya mpira wa kuno kumwera kwa Africa ili ndi tsiku limodzi limene lingatithandize kuweruza mlandu umenewu modekha. Loweruka pa 8 Okutobala 2011, Malawi, Zambia ndi South Africa zidasewera masewero awo otsiriza odzigulira malo mumpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2012. Matimu onse atatu adalepherana ndi adani awo. Imodzi yokha ndiyo idapita kumpikisanoko, ndipo mphunzitsi wa timu imeneyo ndiye adayamba kuchotsedwa ntchito, patangopita masiku awiri. Mphunzitsi amene timu yake idavina pabwalo osadziwa kuti yatuluka adakhalabe pampando miyezi isanu ndi itatu. Wachitatu, amene adataya malo pamphindi yotsiriza, adakhala chaka ndi miyezi itatu. Nkhani za anthu atatuwa zikusonyeza kuti kulowa kapena kulephera kulowa mumpikisano ndi muyeso wosadalirika wa ntchito ya mphunzitsi, ngakhale ndi muyeso umene ife ochemerera, ndi akuluakulu a mabungwe athu a mpira, timathamangira kugwiritsa ntchito.

Tiyambe ndi mmene khomo la mpikisano wa 2012 lidaliri. Malo adali 16. Awiri adali a eni mpikisano, Gabon ndi Equatorial Guinea. Malo 14 otsalawo adawalimbirana m'magulu 11. Timu yotsogola m'gulu lililonse inkapita. Yachiwiri m'gulu K, limene lidali ndi matimu asanu, inkapitanso. Ndipo malo awiri otsiriza adali a matimu awiri ochita bwino koposa mwa amene adathera pachiwiri m'magulu enawo. Gulu K lidakula chotero chifukwa cha Togo. Dzikoli lidachoka mumpikisano wa 2010 basi ya osewera ake itawomberedwa ku Cabinda, bungwe la CAF lidaliletsa kusewera, kenaka chiletsocho chitachotsedwa lidaikidwa m'gulu la Malawi, Tunisia, Botswana ndi Chad. Lamulo lina limene lidadzaliza anthu lidali lakuti matimu akafanana mapointi, choyamba kuyang'ana ndi zotsatira za masewero a pakati pa matimu ofananawo. Kusiyana kwa zigoli zogoletsa ndi zogoletsedwa m'gulu lonse kunkabwera pambuyo.

Flames idapita ku N'Djamena ili m'manja mwa Kinnah Phiri. Kwa achinyamata amene sadamuone akusewera, Kinnah ndiye adagoletsera dziko la Malawi zigoli 71, ndipo adali mtima wa timu ya Ted Powell imene idatenga chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Adapatsidwa timu mu 2008 akuchokera ku Free State Stars ya kuno ku South Africa, Stephen Constantine atatula pansi udindo. Adayamba ndi kuthira Djibouti zigoli 8 kwa 1, ndipo mu Juni chaka chomwecho adagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya pabwalo la Kamuzu. Mu Okutobala adagonjetsa DR Congo 2-1 n'kulowa m'ndime yotsiriza.

Ndime yotsirizayo, ya mu 2009, ndi yofunika kuikumbukira bwino, chifukwa anthu ambiri amangokumbukira mathero ake. Malawi idayamba ndi kukwapulidwa 5-0 ku Abidjan mu Malichi. Mu Juni idagonja 1-0 pakhomo ndi Burkina Faso, n'kukagonjanso 2-1 ku Guinea. Masewero atatu, pointi palibe. Bungwe la FAM likadamvera mawu a m'mabala ndi m'maminibasi, Kinnah akadapita nthawi imeneyo. Adatsala, adagonjetsa Guinea 2-1 mu Sepitembala, adalepherana 1-1 ndi Côte d'Ivoire ya Didier Drogba mu Okutobala, n'kugonjanso ku Ouagadougou. Masewero 6, kugonja kanayi, mapointi 4. Koma popeza ndimeyo idali yodzigulira malo ku World Cup ndi ku Africa Cup nthawi imodzi, matimu atatu mwa anayi a gulu lililonse ankapita ku Angola. Malawi idathera pachitatu, pointi imodzi pamwamba pa Guinea, ndipo idabwerera kumpikisano umene idauona komaliza mu 1984. Pa 11 Januwale 2010 idagonjetsa Algeria 3-0 ku Luanda, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda.

Tsopano yerekezani ndi ulendo wa 2010 mpaka 2011. M'masewero 8 a gulu K, Malawi sidagonje ngakhale kamodzi. Idalepherana 2-2 ndi Tunisia koyenda ndi 0-0 pakhomo. Idalepherana kawiri ndi Botswana, imene idatsogola gululo. Idagonjetsa Togo 1-0 ndi Chad 6-2. Ku N'Djamena inkangofunika kupambana, chifukwa ikadafanana mapointi ndi Tunisia, zigoli ziwiri za koyenda zija zikadaiika pamwamba. Mphindi 90 zidakwana Malawi ikutsogola 2-1. M'nthawi yowonjezera Chad idabweza. Tunisia idagonjetsa Togo 2-0 n'kufika mapointi 14, Malawi n'kutsala pa 12. Mphunzitsi yemweyo, ndi osewera ambiri omwewo, adalowa mumpikisano atagonja kanayi, ndipo adalephera kulowa asanagonje. Amene adamutcha ngwazi mu 2009 n'kumutcha wotha nzeru mu 2011 ankayesa kukula kwa khomo, namaganiza kuti akuyesa munthu.

Sindikunena kuti timu ya 2011 idalibe cholakwa. Kulepherana kasanu ndi kamodzi ndi chizindikiro cha timu yovuta kuigonjetsa koma yolephera kumaliza ntchito, ndipo masewero a pakhomo ndi Botswana ndi Tunisia ndiwo adataya ulendowo N'Djamena isanafike. Limenelo lidali funso loyenera kumufunsa Kinnah. FAM idamusunga, ndipo idadzamuchotsa mu Januwale 2013, pamodzi ndi Young Chimodzi ndi Jack Chamangwana, Ghana itatsekereza njira ya ku mpikisano wa 2013 pogonjetsa Malawi 2-0 ndi 1-0.

Tsiku lomwelo la 8 Okutobala, pabwalo la Mbombela ku Nelspruit, South Africa ya Pitso Mosimane inkasewera ndi Sierra Leone. Mbiri itafika yakuti Niger ikugonja ku Egypt, benchi ya Bafana idawerenga kuti kulepherana kukwanira, chifukwa pa kusiyana kwa zigoli South Africa idali pamwamba. Timu idabwerera kumbuyo, goloboyi Itumeleng Khune adataya nthawi, ndipo masewero atatha 0-0 osewera adavina kuzungulira bwalo pamaso pa dziko lonse. Niger, South Africa ndi Sierra Leone zonse zidali ndi mapointi 9. Pamasewero a pakati pa zitatuzo, Niger idali ndi 6, zinazo 5 iliyonse. Niger, imene idagonja 3-0 tsikulo, ndiyo idapita. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo apa phulalo adadyera limodzi mphunzitsi, omuthandiza, akuluakulu a bungwe la SAFA ndi oulutsa mawu. SAFA idayamba yadandaula ku CAF, kenaka idabweza dandaulolo n'kupepesa kwa anthu.

Ngati padali tsiku limene bungwe likadachotsa mphunzitsi popanda womuikira kumbuyo, lidali limenelo. Koma kumuchotsa kukadatanthauza kuvomera kuti kuwerenga malamulo a mpikisano ndi ntchito ya mphunzitsi yekha, pamene bungwe lili ndi ofesi, alembi ndi oyang'anira timu olipidwa kuti azidziwa zimenezo. Mosimane adatsala mpaka Juni 2012, pamene adachotsedwa atalepherana 1-1 ndi Ethiopia ku Rustenburg m'masewero oyamba odzigulira malo ku World Cup ya 2014. Mu Disembala chaka chomwecho adalembedwa ntchito ku Mamelodi Sundowns, timu ili pafupi ndi kumunsi kwa ligi. Adatenga nayo ligi kasanu ndi chikho cha CAF Champions League mu 2016, kenaka adatenganso chikhocho kawiri ndi Al Ahly ya ku Egypt, mu 2020 ndi 2021. Munthu amene dziko lidamuseka kuti sadziwa kuwerenga adasanduka mmodzi wa aphunzitsi opambana koposa amene Africa idabala. Bafana, mbali yake, idapitiriza kusintha aphunzitsi.

Nkhani ya ku Zambia ndiyo imasokoneza amene amalalikira kuleza mtima nthawi zonse. Pabwalo la Nchanga ku Chingola, Chipolopolo idalepherana 0-0 ndi Libya n'kutsogola gulu lake ndi mapointi 13. Mphunzitsi adali Dario Bonetti wa ku Italy, amene adabwera mu 2010. Ntchito imene adaitanidwira adaigwira. Pa 10 Okutobala bungwe la FAZ, lotsogozedwa ndi Kalusha Bwalya, lidamuchotsa chifukwa silidakhutire ndi kaseweredwe ka timu. Mwezi usanathe lidabweza Hervé Renard wa ku France. Pa 12 Febuluwale 2012, ku Libreville, Zambia idagonjetsa Côte d'Ivoire pamapenate 8 kwa 7, Stopila Sunzu akumenya yotsiriza, kufupi ndi nyanja imene ndege ya timu ya 1993 idagwera n'kupha anthu onse 30, kuphatikizapo osewera 18 ndi mphunzitsi Godfrey Chitalu.

Kuchokera tsiku limenelo, aliyense wofuna kuti mphunzitsi achoke amatchula Bonetti. Koma tiyenera kuona chimene Kalusha adali nacho m'manja. Renard sadali mlendo. Adaphunzitsa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2010, adaifikitsa m'ndime ya matimu 8 ku Angola, kumene idatuluka pamapenate ndi Nigeria, ndipo adachoka yekha kupita kukaphunzitsa Angola. Christopher Katongo, Kennedy Mweene, Rainford Kalaba, Isaac Chansa ndi Joseph Musonda adali anthu amene adagona nawo m'kampu zaka ziwiri. Sunzu ndi Emmanuel Mayuka adakulira m'timu ya achinyamata imene George Lwandamina adapita nayo ku World Cup ya osapitirira zaka 20 ku Canada mu 2007. FAZ idachotsa munthu ikudziwa dzina la womulowa m'malo, ikudziwa kuti osewera amamukhulupirira, ndipo idachita zimenezo ndime imodzi itatha, kutatsala miyezi itatu yokonzekera inayo. Choncho ngakhale kudaoneka ngati kusintha kwadzidzidzi, kudali kubwezera timu m'manja amene adaiumba.

Umboni wake ndi zimene zidatsatira. Renard yemweyo adatuluka m'ndime ya magulu mu 2013, atalepherana masewero onse atatu pabwalo lija la Mbombela, ndipo adachoka kumapeto kwa chakacho. Pambuyo pake FAZ idayesa mankhwala omwe aja mobwerezabwereza: Honour Janza, George Lwandamina, Wedson Nyirenda, Sven Vandenbroeck, Milutin Sredojević, Aljoša Asanović. Zambia idaphonya mipikisano ya 2017, 2019 ndi 2021 motsatizana, ndipo idabwerera mu ya 2023 ili ndi Avram Grant. Kuchotsa mphunzitsi kukadakhala mankhwala paokha, Chipolopolo ikadakhala timu yathanzi koposa mu Africa m'zaka zimenezo.

Pali dziko lina kumene mafunso awiriwa, la khomo la mpikisano ndi la mpando wa mphunzitsi, amakanganirana chaka chilichonse mwezi wa Malichi, ndipo kuyang'ana kumeneko kungatiunikire. Ku United States, mpikisano wa basketball wa masukulu a ukachenjede, woyendetsedwa ndi bungwe la NCAA, udayamba mu 1939 ndi matimu 8. Udakula kufika 64 mu 1985 ndi 68 mu 2011. Pafupifupi theka la malowo limapita kwa akatswiri a maligi osiyanasiyana a masukuluwo. Otsalawo amasankhidwa ndi komiti, imene imakhala pansi n'kuyang'ana nyengo yonse ya timu iliyonse: yagonjetsa yani, yagonja ndi yani, pakhomo kapena koyenda, adani ake adali amphamvu motani. Mayina amalengezedwa Lamulungu limodzi, ndipo m'masabata otsatira aphunzitsi ambiri a matimu osiyidwa amalandira makalata.

Njira imeneyi ili ndi zofooka zake, chifukwa komiti ndi anthu, ndipo masukulu aang'ono amadandaula kuti mayina aakulu amakonderedwa. Mu 2011 anthu odziwa masewerowa adanyoza poyera kusankhidwa kwa Virginia Commonwealth University, imene idali pakati pa matimu otsiriza kulowetsedwa. Timuyo, ndi mphunzitsi wake Shaka Smart, idafika m'ndime ya matimu anayi otsiriza. Komiti ikadatembenukira kwina ndi dzina limodzi, palibe akadadziwa kuti padali timu yotero. Kwathu khomo limatsegulidwa ndi tebulo la mapointi, kwawo ndi anthu a m'chipinda, koma konse kuwiri timu ya m'malire imalowa kapena kutsala pa chinthu chaching'ono kwambiri. Chimene tingabwereke kwa iwo ndi chizolowezi cha komitiyo choyang'ana nyengo yonse ndi mphamvu za adani, chifukwa umu ndi mmene bungwe liyenera kuyesera mphunzitsi wake.

Mbiri yawo ilinso ndi Kinnah wake ndi Bonetti wake. Mike Krzyzewski adalembedwa ntchito ku Duke University mu 1980. M'zaka zitatu zoyamba adapambana masewero 38 n'kugonja 47, ndipo nyengo ya 1983 adaitseka ndi kugonja 109 kwa 66 ndi Virginia. Anthu andalama othandiza sukuluyo adafuna achoke. Mkulu wa zamasewero, Tom Butters, adamusunga n'kumuwonjezera mgwirizano. Butters sadachite zimenezo chifukwa cha chifundo. Krzyzewski adali atabweretsa mu 1982 gulu la achinyamata, monga Johnny Dawkins ndi Mark Alarie, amene ankagonja chifukwa cha ubwana, ndipo aliyense wopita kokonzekera ankaona kumene akulowera. Achinyamata omwewo adafika m'ndime yotsiriza mu 1986. Krzyzewski adatenga chikho kasanu ndipo adapuma mu 2022. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo, University of North Carolina idasiyana ndi Matt Doherty mu 2003, patapita nyengo ina yopambana 8 n'kugonja 20 ndiponso kusamvana ndi osewera. Idaitana Roy Williams, amene adakhalapo zaka khumi pasukulupo ngati wothandiza Dean Smith. Mu 2005 Williams adatenga chikho ndi osewera amene Doherty adabweretsa. Kusunga kudapindula pamene padali chooneka chikukula. Kuchotsa kudapindula pamene osewera adataya chikhulupiriro ndipo wodziwa nyumbayo adali pakhomo.

Komabe pali kusiyana kumene tisakuiwale. Mphunzitsi wa pasukulu amasankha yekha achinyamata ake ndipo amakhala nawo tsiku ndi tsiku. Liwu lathu lakuti mphunzitsi limamuyenera iyeyo. Wa timu ya dziko amalandira osewera masiku owerengeka masewero asanachitike, ena akuchokera ku Blantyre ndi Lilongwe, ena ku Johannesburg, Maputo ndi Dar es Salaam, ataphunzitsidwa kale ndi anthu ena. Zimene mnyamata sadaphunzire ali ndi zaka khumi ndi ziwiri sangaziphunzire m'kampu ya sabata imodzi ku Mpira Village ku Chiwembe. Tikamuimba mlandu munthu wotere chifukwa osewera akulephera kuimitsa mpira, tikuimba mlandu wokolola pa munda umene sadalime.

Tibwerere ku Malawi, tione zimene zidachitika Kinnah atachoka. Eddington Ng'onamo adagwirizira. Tom Saintfiet wa ku Belgium adabwera mu 2013 n'cholinga chimodzi, chogonjetsa Nigeria, ndipo adagonja 2-0 ku Calabar n'kupita. Kudabwera Young Chimodzi, kenaka Ernest Mtawali, amene anthu a kuno akumukumbukira ku Bloemfontein Celtic ndi Sundowns, ndipo sadakwanitse chaka. Nsanzurwimo Ramadhan ndi Gerald Phiri adagwirizira, Ronny Van Geneugden adakhala kuyambira 2017 mpaka 2019, kenaka Meck Mwase. Panthawiyi CAF idali itakuza mpikisano kuchoka pa matimu 16 kufika 24 kuyambira 2019, kotero matimu awiri mwa anayi a gulu lililonse ankapita. Pa 29 Malichi 2021 chigoli cha Richard Mbulu chidagonjetsa Uganda pabwalo la Kamuzu, ndipo Malawi idathera pachiwiri ndi mapointi 10.

Apa FAM idachita zofanana ndi za Kalusha, koma zopanda maziko a Kalusha. Mu Disembala 2021, kutatsala masabata ochepa, idaika Mario Marinica wa ku Romania, amene idangomulemba kumene ngati mkulu woona za luso, pamwamba pa Mwase. Zinthu zidadzitembenukira zokha: Marinica adapezeka ndi Covid-19, ndipo Mwase ndiye adakhala pabenchi ku Bafoussam pamene Malawi idagonja 1-0 ndi Guinea n'kugonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Marinica adabwerera pamasewero a 0-0 ndi Senegal. Malawi idathera pachitatu ndi mapointi 4, n'kulowa m'ndime ya matimu 16 kudzera pakhomo la matimu anayi ochita bwino mwa othera pachitatu, khomo limene mu 2010 kudalibe. Pa 25 Januwale 2022 idagonja 2-1 ndi Morocco ku Yaoundé, Mhango atagoletsa chigoli chakutali chimene dziko lonse lapansi lidaona. Mpaka lero anthu sagwirizana kuti ulemu wa ku Cameroon ndi wa yani, ndipo sangagwirizane, chifukwa bungwe lenilenilo lidasakaniza maudindo.

Mu Epulo 2022 Mwase adachotsedwa. Adapita ku bwalo la Industrial Relations Court, limene lidapeza kuti sadachotsedwe mwachilungamo n'kulamula kuti alipidwe. Marinica adakhala chaka chimodzi, ndipo mgwirizano wake sudawonjezedwe Egypt itagonjetsa Malawi 2-0 ndi 4-0 mu Malichi 2023. Patrick Mabedi, kaputeni wakale wa Kaizer Chiefs, adalowa, n'kuchotsedwa mu Okutobala 2024 atagonja masewero anayi oyamba a ulendo wa ku Morocco, utsogoleri wa FAM utachoka kale kwa Walter Nyamilandu kupita kwa Fleetwood Haiya. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe ndiye adalandira ndodo. Kuyambira 2013 anthu oposa khumi akhalapo pampandowo, ndipo Malawi yapita ku Africa Cup kamodzi. Ndalama zolipira migwirizano yodulidwa pakati zimatuluka m'thumba lomwelo limene liyenera kugula mipira ya ana a ku Karonga ndi Nsanje ndi kuphunzitsa aphunzitsi a m'maboma.

Tsono mphunzitsi achotsedwe liti? Mbiri imene tayendamoyi ikupereka mayankho amene sadalira mkwiyo wa Loweruka madzulo. Choyamba n'chakuti bungwe lilembe cholinga ulendo usanayambe, litawerenga malamulo a mpikisano ndi kuona adani. Kuuza mphunzitsi kuti adutse Ghana ya 2012 m'masewero awiri ndi chinthu china, kumuuza kuti athere pachiwiri m'gulu la Uganda ndi South Sudan ndi chinthu chinanso, ndipo kulephera koyambako sikungayesedwe pa sikelo imodzi ndi kulephera kwachiwiri. Chachiwiri n'chakuti anthu odziwa mpira ayang'ane zimene tebulo silionetsa: kodi timu ikupanga mipata, kodi achinyamata akulowa n'kukhazikika, kodi osewera akumverabe mawu ake. Osewera akasiya kumva, ngakhale timu ili pamwamba, nthawi yakwana, ndipo kuzengereza kungoonjezera bala. Chachitatu n'chakuti kalata isalembedwe dzina la wolowa m'malo lisanadziwike, ndipo wolowayo akhale ndi chifukwa chomveka chochitira bwino kuposa wochokayo. Wogwirizira wa masewero awiri ndi chizindikiro chakuti akuluakulu adachotsa munthu kuti anthu aleke kuwalozera chala iwowo. Chotsiriza ndi nyengo: pakati pa ulendo umodzi ndi wina, mogwirizana ndi zimene zidalembedwa mumgwirizano, kuti nkhani isakathere kukhoti.

Pali mlandu wina umene aphunzitsi amasenza m'malo mwa ena. Mphunzitsi ali ndi nkhope, amakhala pabenchi kamera ikumuyang'ana, ndipo kumuchotsa kumatenga msonkhano umodzi. Amene adalephera kukonza masewero opimana mphamvu, amene adachedwetsa ndalama za osewera, amene adasiya bwalo kuti liwonongeke mpaka CAF kuliletsa, amene sadawerenge lamulo, amakhala m'chipinda chimene chikupereka chigamulocho. Mutu umodzi susenza denga, koma denga likagwa timafuna mutu umodzi woti tiudule.

South Africa idaoneka ngati yaphunzirapo. Hugo Broos adabwera mu Meyi 2021, ndipo mu Novembala chaka chomwecho adalephera kupitiriza ulendo wa ku World Cup atagonja 1-0 ku Ghana ndi penate imene anthu kuno akuikanabe. SAFA idamusunga. Mu Febuluwale 2024 Bafana idathera pachitatu ku Côte d'Ivoire. Koma nthenda ya 2011 idali isanathe m'maofesi: mu Malichi 2025 timu idaseweretsa Teboho Mokoena polimbana ndi Lesotho pamene adayenera kukhala panja chifukwa cha makadi achikasu awiri, ndipo FIFA idailanda mapointi atatu. Pa 14 Okutobala 2025 Bafana idagonjetsa Rwanda 3-0 n'kudzigulira malo ku World Cup ya 2026, pointi imodzi pamwamba pa Nigeria, pabwalo lomwe lija la Mbombela pamene idavinira pachabe zaka 14 m'mbuyomo. Ikadatsala ndi pointi imodziyo, mawu a m'misewu ya Germiston akadafuna mutu wa Broos, chikhalirecho kuwerenga makadi ndi ntchito ya ofesi.

Abale anga a mbali zonse za malire, Flames kapena Chipolopolo ikadzagonjanso, ndipo idzagonja ndithu, mkwiyo wathu udzakhala woyenera, chifukwa ambiri a ife kuno kutali timu imeneyo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimatiika pamodzi ndi kwathu. Koma tisanafuule kuti achoke, tifunse amene akufuulayo kuti adamulemba kuti achite chiyani, gululo lidali la matimu ati, malamulo ake amati chiyani, ndipo akachoka mawa mmawa, ndani amene adzaime pabwalo lokonzekera Lolemba ndi wezulo m'kamwa.